Tikufuna kukaona Cape Town koyamba, tiyambire pati?

Funso

Ndine mphunzitsi ku Zomba. Ine ndi amuna anga takhala tikusunga ndalama kuti tikaone Cape Town, ndipo aka kakhala koyamba kutuluka m'dziko muno n'cholinga chongokayenda. Alamu anga amagwira ntchito komweko, akuti tikafikire kwa iwo. Tili ndi masiku khumi. Tikuganiza zonyamuka pa holide ya mu Ogasiti, pa basi, kuti ndalama zitikwanire. Tikufuna kukwera Table Mountain, kukafika ku Robben Island ndi kuona malo ena amene anthu amajambulitsako. Tikonzekere bwanji?

Yankho

Mayi, mzinda mwasankha bwino, koma mwezi ndi basi ndikadakonda muziganizirenso. Za kwa alamu tikambirananso, chifukwa m'menemo muli nkhani.

Ku Cape Town pulani imalamulidwa ndi nyengo. Zinthu ziwiri zimene mwatchula mayina, phiri ndi chilumba, zonse zimatsekedwa mphepo ikakula. Cable car, kangolo koyenda pa zingwe kamene kamakweza anthu pamwamba pa Table Mountain, amakaimitsa mphepo ikawomba kwambiri. Boti la ku Robben Island nalo silinyamuka nyanja ikakalipa, monga momwe mwera umakhalitsira asodzi a ku Mangochi pagombe. Tikiti mungakhale nayo m'manja, ndalama munalipira kale, koma tsikulo simupita. Anthu ambiri opita koyamba amalemba kuti Lolemba uku, Lachiwiri uku, n'kuika phiri pa tsiku lomaliza kuti atsirize ndi chokoma. Tsikulo likafika, phiri lavala mitambo, n'kubwerako atangoliona pansi.

Nyengo ya kumeneko ndi yosemphana ndi yathu. Kwathu kuno mvula imagwa kukutentha. Ku Cape Town imagwa kukuzizira, mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo imabwera ndi mphepo yochokera kunyanja, nthawi zina masiku atatu otsatizana dzuwa osaoneka. Chinanso, eni cable car amakonda kuitseka chakumapeto kwa Julayi kulowa mu Ogasiti kuti aikonze, ndipo zaka zina kutsekako kumatenga milungu ingapo. Ogasiti ali nazo zabwino zake, sindikana: malo ogona amatsika mtengo, mizere imafupika, anamgumi amafika pafupi ndi gombe ku Hermanus, maluwa akutchire amayamba kumasula kugombe la kumadzulo. Koma zimenezo n'za munthu amene phirilo analikwera kale. Inu amene mwasunga ndalama nthawi yaitali chifukwa cha phiri ndi chilumba, musachite njuga ndi mwezi umenewu.

Holide ya Khirisimasi ili ndi vuto lina. Kunja kumakhala kouma, dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko madzulo, tsiku n'kutalika bwino. Koma ndi nthawi imene anthu a ku South Africa komweko amathamangira kunyanja, mitengo ya malo ogona ndi ya ndege n'kukwera. Ndi nthawinso imene mphepo ya kummwera chakummawa, imene amaitcha Cape Doctor, imawomba mwamphamvu. Pa maholide atatu amene mphunzitsi amakhala nawo, ine ndingasankhe ya Pasaka. Mu Malichi ndi Epulo kumakhala kukadali kofunda, mphepo imakhala itayamba kugona, mvula isanakhazikike. Ngati n'kotheka mufike kumeneko masiku a pakati pa sabata, chifukwa kumapeto a sabata ya Pasaka yeniyeniyo mzinda umadzaza.

Tsono basi. Kuchokera ku Blantyre, basi imatulukira pa Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenaka Beitbridge, n'kukafika ku Park Station mu Johannesburg. Ndi ulendo wa tsiku ndi theka, nthawi zina masiku awiri mzere wa pa Beitbridge ukatalika. Anthu ambiri kwathu akamati Joni amaganiza kuti zonse zili pafupipafupi. Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Cape Town pali makilomita pafupifupi 1,400, ndipo basi imatenga maola 18 kapena kuposerapo. Werengani nokha: kupita masiku atatu, kubwera masiku atatu. Pa masiku khumi anu mwatsala ndi anayi, ndipo loyamba mwa anayiwo mudzaligona chifukwa cha kutupa miyendo.

Ngati thumba silikulola ndege njira yonse, gawani ulendowo. Kwerani basi mpaka ku Johannesburg, kenaka ndege ya m'dziko momwemo kupita ku Cape Town, imene imatenga maola awiri okha. Makampani monga FlySafair ndi Airlink amayenda njirayi kangapo pa tsiku, ndipo mukagula tikiti kudakali miyezi iwiri kapena itatu, kusiyana kwake ndi basi sikukhala koopsa. Ingoonetsetsani ngati mtengo mwauonawo ukuphatikiza chikwama chachikulu, poti matikiti otsika mtengo kwambiri amangolola kachikwama ka m'manja. Musagulenso ndege yonyamuka tsiku lomwe basi ikuyembekezeka kufika. Basi ikachedwa paboda, ndege sidikira. Ngati mungakwanitse kuuluka kuchokera ku Chileka, mudzasintha ndege ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg. Kumeneko ndi kumene amadinda pasipoti, ndipo zikwama mumazitenga n'kukaziperekanso, choncho pakati pa ndege ziwirizo pakhale maola atatu.

Mmalawi wokacheza ku South Africa safunika visa ngati sakapyola masiku 30. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, ndipo ine ndimalangiza kuti ikhale itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa isanathe. Ofesala wa paboda angakufunseni tikiti yobwererera, adiresi ya kumene mukafikire ndi ndalama zimene mwatenga. Zonsezi zikhale pa pepala, osati mu foni mokha. Kalata ya kusukulu yonena kuti muli pa ntchito ndipo mwapita ku holide imathandiza, chifukwa chimene ofesalayo akufuna kudziwa n'chakuti mubwerera.

Za ndalama zakunja mukudziwa nokha mmene zikuvutira m'mabanki mwathu. Yambani kufunsa kudakali milungu ingapo, mutatenga pasipoti ndi tikiti. Funsaninso banki yanu ngati khadi lanu limagwira ntchito kunja, ndi kuti amalola ndalama zingati pa tsiku kapena pa mwezi. Ku Cape Town pafupifupi paliponse amalandira khadi, ndipo malo ena ndalama za m'manja salandira n'komwe. Kwacha musavutike kuinyamula, kumeneko palibe amene angakusinthireni. Powerengera bajeti, werengani mu randi, ndipo mukamaliza onjezani gawo limodzi la magawo asanu. Muikemonso kathokozo ka operekera zakudya: m'malesitilanti mwambo ndi kusiya pafupifupi 10 peresenti ya bilu.

Nkhani ya alamu ndiikamba mosamala, poti ndi ya m'banja. Amalawi ambiri amene ali ku Cape Town amagwira ntchito molimbika, ena m'nyumba za anthu, ena m'minda ya maluwa, m'malesitilanti ndi m'zomangamanga, ndipo amachita lendi kutali ndi pakati pa mzinda, kawirikawiri chipinda chimodzi. Akamati mukafikire kwathu amanena ndi mtima wonse. Koma amuna anu awafunse mwachibale: nyumba ili dera liti, kupita mtauni ndi ulendo wa nthawi yaitali bwanji, mlendo angabwerere kutada? Mukapeza kuti ndi ola ndi theka pa minibasi ziwiri, ndalama zimene mukuti mukusungazo zithera pa mayendedwe, ndipo tsiku lililonse muzidzathamangira kubwerera dzuwa likadali. Alamuwonso azidzadandaula ali ku ntchito kuti alendo awo ali kuti. Njira imene sikhumudwitsa munthu ndi kugawa masiku. Masiku a ntchito mugone pa guest house ya ku Gardens, Tamboerskloof, Green Point kapena Sea Point, kumene zambiri mungazifikire wapansi kapena pa ulendo wa mphindi khumi. Loweruka ndi Lamlungu, alamu akapuma, mukakhale nawo, mukapemphere nawo, mudyere limodzi. Sankhani malo ogona okhala ndi kakhitchini. Ufa woyera umapezeka mu Shoprite ndi Pick n Pay, ndipo chakudya chamadzulo chophika nokha chimapulumutsa ndalama zokwanira tikiti ya malo ena. Mphatso muwatengere zopakidwa kufakitale, monga tiyi wa ku Thyolo ndi tsabola wa Nali. Usipa ndi nyama zimatha kukuvutitsani paboda.

Tsopano mmene mungayalire masiku. Tinene kuti muli ndi masiku asanu ndi limodzi athunthu mumzindamo.

Phiri musalipatse tsiku. Mmawa uliwonse mukadzuka, suzumirani pazenera. Tsiku loyamba limene mwaona pamwamba pake pali mbee, popanda mtambo, siyani zonse mupite, ngakhale mutakhala kuti munakonza zina. Yang'anani kaye pa intaneti ngati cable car ikuyenda, poti eni ake amalengeza tsiku ndi tsiku, ndipo mufike mmamawa mzere usanatalike. Makinawa akhala akunyamula anthu kuyambira 1929. Ulendo wokwera ndi wa mphindi zisanu, ndipo pansi pamene mwaimapo pamazungulira, ndiye musalimbirane malo a pazenera, mbali zonse muziona. Pamwamba ndi mamita opitirira pang'ono 1,080 kuchokera pa nyanja, ndipo kumazizira ngakhale pansi kukutentha. Juzi itengeni. Ena adzakuuzani kuti mukwere wapansi kudzera ku Platteklip Gorge. Njirayo ndi masitepe amiyala okhaokha, maola awiri kapena atatu, mthunzi wochepa. Ngati mawondo ali bwino yesani, koma mukhale pagulu, mutenge madzi, ndipo mudziwe kuti mphepo ikayamba muli pamwamba cable car ingatsekedwe, n'kutsikanso ndi miyendo yomweyo.

Robben Island ndi yosiyana, chifukwa malo m'boti ndi owerengeka ndipo matikiti amatha. Gulani pa intaneti musananyamuke ku Zomba, ndipo musankhe tsiku lachiwiri la ulendo wanu, boti la mmawa. Likalephereka, mukhala ndi masiku osinthira. Boti limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway ku V&A Waterfront, ndipo ulendo wonse, kupita, kuzungulira ndi kubwera, ndi wa maola pafupifupi anayi. Ngati mumachita chizungulire pamadzi, imwani mankhwala ake musanakwere. Pasipoti muitenge. Mandela anakhala pachilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, kuyambira 1964 mpaka 1982, pamodzi ndi anzake monga Walter Sisulu, Govan Mbeki ndi Ahmed Kathrada. Aliyense amathamangira kukajambula kachipinda kake. Ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi kanyumba ka Robert Sobukwe, mtsogoleri wina wolimbana ndi tsankho, amene anamutsekera payekha kuyambira 1963 mpaka 1969, atamaliza kale chilango chake, boma litachita kupanga lamulo lomusungira iye. Mudzaonanso mgodi wa miyala ya laimu umene kuwala kwake kunaononga maso a akaidi. M'ndende mwenimwenimo, amene amayendetsa alendo kawirikawiri ndi anthu amene anamangidwamo. Akukalamba, ndipo sadzakhalapo mpaka kale. Foni muiike m'thumba pang'ono, muwamvere.

Mukatsika boti mudzakhala muli pa Waterfront, pamene pano pali mashopu ndi malesitilanti odula. Monga mphunzitsi, dziwani kuti padokoli pali mbiri yathu. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, anafika ku Cape Town mu 1918. Chaka chotsatira anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu apadoko, ndipo mu Disembala 1919 anatsogolera sitalaka imene inaimitsa ntchito padokopo. Bungwe limenelo linakula n'kukhala lalikulu koposa mabungwe onse a anthu akuda ku South Africa m'zaka za m'ma 1920. Otsogolera alendo ambiri samutchula. Ana anu a sukulu mudzawauze kuti munaima pamene iye anayambira.

Tsiku la mitambo kapena la mphepo ndi la pakati pa mzinda, wapansi. Malo ake ali moyandikana. Company's Garden ndi munda umene Adatchi anayamba atangofika mu 1652 kuti azilima ndiwo zodyetsa amalinyero. Pakhomo pake pali Slave Lodge, nyumba imene ankasungiramo akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi zilumba za Indonesia, ndi tchalitchi cha St George's, chimene Desmond Tutu ankatumikira ndipo phulusa lake linaikidwa momwemo. Mukatsetsereka pang'ono mufika pa City Hall, pakhonde pamene Mandela analankhulira khamu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku limene anatulutsidwa. Castle of Good Hope, linga lomangidwa pakati pa 1666 ndi 1679, lili tsidya la bwalo limene lili patsogolo pa City Hall. Koma ngati nthawi ikulola nyumba imodzi yokha, lowani mu District Six Museum. Mu 1966 boma linalengeza kuti dera limenelo ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Mukatulukamo mudzamvetsa chifukwa chake anthu akuda ndi makaladi ambiri mpaka lero amakhala kutali, kuchigwa cha mchenga chimene munadutsa pochokera ku bwalo la ndege, ndi chifukwa chake alamu anu amadzuka usiku kupita ku ntchito. Ku Bo-Kaap, kwa nyumba za mitundumitundu kuja, pitani, koma kumbukirani kuti m'nyumbazo mumakhala anthu, ambiri ndi Asilamu, ndipo mzikiti wa Auwal wa 1794 ukugwirabe ntchito. Pemphani musanajambule pakhomo pa munthu. Nthawi ikakwana 12 koloko masana mukamva kuphulika musathawe, ndi mzinga wa pa Signal Hill umene amaomba masiku onse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi.

Tsiku lina lathunthu lipite ku Cape Point, pafupifupi makilomita 70 kuchokera mtauni. Kulibe basi wamba yofika kumeneko, ndiye mulipire ulendo wa pagulu wa tsiku limodzi, umene umaimanso pa Boulders Beach ku Simon's Town, kwa mbalame za penguin. Apa pasipoti yanu ndi ndalama. Malo awiriwa ali m'manja mwa SANParks, oyang'anira malo achilengedwe otetezedwa m'dzikomo, amene ali ndi mtengo wapadera wa nzika za maiko a SADC, wotsika kuposa wa alendo a kutsidya la nyanja. Sakupatsani mukapanda kuonetsa pasipoti, ndipo ngati mwagula ulendo wa pagulu funsani ngati akuwerengerani mtengo umenewo. Anyani a ku Cape Point amalanda zakudya m'manja ndipo amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto. Wina akakuuzani kuti pamenepo ndi pothera Africa kummwera, ingomwetulirani. Pothera penipeni ndi Cape Agulhas, kutali chakummawa.

Munda wa zomera wa Kirstenbosch ndi wa theka la tsiku, malo abwino opumulirako miyendo. Ku Camps Bay ndi Clifton mchenga ndi wokongola koma madzi ake amazizira mpaka kuwawa m'mafupa. Wofuna kusambira apite ku Muizenberg, ndipo asambire pakati pa mbendera pamene pali opulumutsa anthu. Minda ya mphesa ya ku Stellenbosch ndi yabwino, koma pa ulendo uno ndingaisiye. Tsiku lomaliza lathunthu musaikepo kanthu. Ndilo lidzalandire phiri kapena chilumba zikakanika poyamba.

Poyenda mumzinda, basi zofiira za City Sightseeing ndi zothandiza kwa mlendo: mumatsika pamene mwafuna n'kukweranso ina, ndipo zimadutsa pa cable car, Camps Bay ndi Waterfront. Basi za MyCiTi n'zotsika mtengo koma salipira ndi ndalama za m'manja, mumagula kaye khadi la myconnect n'kuikamo ndalama. Usiku itanani Uber kapena Bolt, ndipo musanakwere yerekezani nambala ya galimoto ndi imene ili pa foni. Pa bwalo la ndege musatsatire munthu wokuitanani kuti ali ndi takisi. Kuti zonsezi zitheke mufunika intaneti, ndiye gulani SIM khadi ya Vodacom kapena MTN mukangofika. Amalembetsa ndi pasipoti ndi adiresi ya kumene mukugona. Masoketi awo ndi a mabowo atatu ozungulira, pulagi yathu ya makona silowa, choncho gulani adaputala tsiku lomwelo foni isanazime. Wotchi musasinthe, nthawi ndi imodzi ndi ya kwathu.

Umbava uliko, ndipo sindikubisirani. Koma malo amene ndatchulawa masana mumayenda anthu ambirimbiri bwinobwino. Zimene zimagwetsa alendo ndi zodziwika: kuyenda foni ili m'manja, kulola munthu wachilendo kukuthandizani pa ATM, kuyenda wapansi m'misewu ya mtauni mashopu atatseka, kukwera Lion's Head kapena Signal Hill awiriwiri kukuda. Wina akakuimitsani n'kunena kuti mufunika chilolezo choyendera mumsewu umenewo, mulipire ndi khadi pa kamakina kake, ndi wakuba, chilolezo chotero kulibe. Ndalama gawanani, ena asunge izi ena izi. Mapasipoti muwajambule pa foni ndi pa pepala. Ku Langa kapena ku Khayelitsha pitani ndi munthu wodziwa deralo.

Chomaliza ndi chidindo. Pa boda, musanachoke pawindo, werengani tsiku limene ofesala walemba kuti mutuluke. Masiku 30 ndi malire chabe, nthawi zina amalemba ochepa, makamaka kwa olowera pa Beitbridge. Akakhala ochepa kuposa a tikiti yanu yobwererera, nenani pomwepo mwaulemu, mukuonetsa tikitiyo. Alamu akadzakunyengererani kuti mukhaleko pang'ono, yang'anani chidindocho musanavomere. Malamulo a 2014 amati wopyola masiku ake, ngakhale ndi tsiku limodzi, amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka, ndipo wopyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu.